Kalata kwa a Unduna wa Zaumoyo: masamu anu a mliri sakuwadziwa maliro a ku Mchinji

Olemekezeka a Nduna ya Zaumoyo, a Mlembi Wamkulu a undunawu, akuluakulu a Public Health Institute of Malawi, komanso inu a Bwanamkubwa a boma lathu lino la Mchinji,

Ndakulonjerani nonse mwaulemu. Ine ndine mphunzitsi wopuma ntchito. Ndinaphunzitsa masamu m'sukulu za sekondale zoyendera kwa zaka zambiri, ndipo tsopano ndili kumudzi kwathu cha ku Mkanda, kufupi ndi malire a dziko lino ndi Zambia. Zovuta zikagwa pamudzi pano, a nyakwawa amandipatsa ine kope la chipepeso. Ndimakhala pampando pafupi ndi siwa n'kumalemba: akuchimuna apereka zakuti, a mpingo zakuti, mudzi wa kutsidya wabwera ndi ufa ndi nkhuni. Pamwamba pa tsamba ndimalemba dzina la malemu, tsiku, zaka zawo ngati zikudziwika, ndi mawu awiri kapena atatu a zomwe a banja anena kuti ndizo zawatenga. Makope amenewa ndawasunga m'katoni, ndipo ndi amene andikakamiza kugwira cholembera lero.

Nkhani yanga ndi ya masamu amene akatswiri amalosera nawo mmene mliri ungafalikire. Ndineneretu kuti masamuwo ndimawakhulupirira. Chomwe chimandiwawa n'chakuti manambala olowa m'masamuwo sachokera kuno, ndipo zotuluka zake zimatifika zoduka mutu.

Mukukumbukira bwino Epulo wa 2020. Sukulu zinali zitatsekedwa kale pa 23 Malichi. Pa 2 Epulo boma linalengeza kuti anthu atatu oyamba apezeka ndi Covid-19 ku Lilongwe. Patangotha masabata awiri tinamva pa wailesi kuti dziko lilowa m'bindikiro wa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anachenjeza kuti tikapanda kusamala anthu okwana 50,000 akhoza kufa. Bwalo lalikulu la milandu linapereka chiletso pa 17 Epulo, m'bindikiro sunachitike. Koma nambala ija inatsala. Inayenda pa kabaza, inafika pamjigo, pachigayo, pamsika wa Kamwendo ndi wa Kapiri. Pofika kwathu inali itataya mawu aja akuti "tikapanda kusamala" ndi akuti "akhoza". Anthu anangomva kuti boma lati anthu 50,000 afa.

Kenaka kunabwera misonkhano ya ndale, anthu mazanamazana atathinana pabwalo limodzi, mpaka chisankho cha pa 23 Juni. Chisanu chinadutsa. Matenda anakwera ndithu m'matauni mu Julayi, koma kumudzi kuno adzukulu sanatope ndi kukumba monga tinkaopera. Ndiye anthu anagamula mlandu wawo: atinamiza. Ena anati ndi matenda a anthu okwera ndege, ena anati ndi njira yodyera ndalama, ndipo nkhani ya K6.2 biliyoni ya ndalama za Covid-19 zimene sizinayende bwino itadzatuluka chaka chotsatira inangothira mafuta pamoto. Palibe amene anabwerera pa wailesi kudzatifotokozera mwachifatse kuti 50,000 ija inachokera kuti, inatsamira pa chiyani, nanga n'chifukwa chiyani sinakwane.

Ndiloleni ndiime pabolodi pang'ono, chifukwa kalatayi awerenganso anzanga a kuno amene sanamvepo mmene masamuwa amayendera.

Maziko ake si achilendo. M'chaka cha 1927 anthu awiri a ku Scotland, Kermack ndi McKendrick, anagawa anthu a dera limodzi m'magulu atatu: amene angathe kutenga matenda, amene akudwala n'kumapatsira ena, ndi amene achira kapena kumwalira. Tsiku ndi tsiku anthu amachoka m'gulu loyamba kulowa lachiwiri, kuchoka lachiwiri kulowa lachitatu, monga madzi otsika kuchoka mumtsuko wina kulowa wina. Mliri umayaka pamene gulu loyamba lili lodzaza, ndipo umazilala likamachepa, ngakhale pakhale anthu ena amene sanadwalebe. Iwo asanalembe zimenezi, Ronald Ross, uja anatsimikiza kuti malungo amayenda ndi udzudzu, anali atasonyeza kale ndi masamu kuti sipafunika kupha udzudzu wonse kuti malungo athe m'dera. Ungouchepetsa kufika pa mlingo wina, matenda amalephera kudzisunga okha.

Nambala imene imasenza zonsezi amailemba ndi chilembo R. Tanthauzo lake ndi lakuti wodwala mmodzi amapatsira anthu angati. Ana anga a Fomu 3 ankaimva msanga. Mmodzi akapatsira atatu, atatuwo n'kupatsira 9, iwonso 27, pofika ulendo wakhumi odwala atsopano ndi 59,049. Koma mmodzi akamapatsira awiri okha, ulendo wakhumi womwewo odwala atsopano ndi 1,024. Taonani phompho limene labwera chifukwa cha munthu mmodzi yekha amene sanapatsiridwe. Ndipo R ikatsika osafika pa 1, mliri umafota wokha. Katemera amagwira ntchito pa nambala yomweyi: ngati R ndi 3, muyenera kuteteza awiri mwa atatu aliwonse kuti moto usowe udzu. Chikuku chili ndi R ya pakati pa 12 ndi 18, n'chifukwa chake a zaumoyo sapuma mpaka pafupifupi mwana aliyense atabayidwa.

Apa ndi pamene kulosera mliri kumasiyana ndi kulosera mvula. A zanyengo akanena kuti kugwa mvula yambiri, mitambo simva. Koma akatswiri akanena kuti kufa anthu ambiri, anthu amamva, amasiya kugwirana chanza, amachepetsa maulendo, boma limatseka sukulu, ndiye R imatsika, ulosi uja n'kulephera kukwaniritsidwa. Mu Sepitembala 2014 bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, linati zinthu zikapanda kusintha, odwala Ebola ku Liberia ndi Sierra Leone akhoza kufika 1.4 miliyoni pofika Januwale 2015. Zinthu zinasintha, anthu anasiya kusambitsa mitembo ndi manja, malo ogonekamo odwala anamangidwa, ndipo mliri wonse m'maiko atatu amene anakhudzidwa kwambiri unathera pa odwala pafupifupi 28,600. Chimodzimodzi pa 16 Malichi 2020, gulu la Neil Ferguson ku Imperial College London linati popanda kuchitapo kanthu ku Britain kukhoza kufa anthu 510,000, ndipo patatha sabata imodzi dzikolo linalowa m'bindikiro. Nambala iliyonse yotere imabadwa ndi mawu akuti "ngati". Mukaibweretsa kwa anthu mawuwo mutawasiya mu ofesi, mwabweretsa mpeni wopanda chigwiriro.

Palinso china. Masamu oyambirira a Covid-19 anadya manambala a ku China ndi ku Ulaya, poti ndi omwe analipo. Ku Italy munthu mmodzi mwa asanu aliwonse, ndi kupitirirapo, ali ndi zaka 65 kapena kuposa. Kuno kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo 17.5 miliyoni, oposa theka sanakwane zaka 18, ndipo ofika zaka 65 ndi pafupifupi anayi okha pa 100 aliwonse. Anthu 84 pa 100 aliwonse tili kumudzi, kumene tsiku lonse limathera panja: kumunda, kudimba, pakhonde, pansi pa mtengo wa mango. Matendawa ankapha kwambiri okalamba ndipo ankafala kwambiri m'nyumba zotseka. Ngakhale manambala osonyeza kuti munthu amakumana ndi anthu angati patsiku, a misinkhu iti, ambiri anatengedwa ku kafukufuku wa 2008 wa m'maiko asanu ndi atatu a ku Ulaya, n'kuwakonzakonza kuti afanane ndi maiko ena. Kumeneko kulibe agogo ogona m'nyumba imodzi ndi zidzukulu zisanu. Kulibe amayi makumi atatu ogona m'siwa usiku wonse akuimba nyimbo mawindo ali otseka.

Mpaka apa wina akhoza kunena kuti tinapulumuka, basi tiyamike. Ine sindinganene choncho, chifukwa ndinaika achimwene anga aakulu mu Januwale 2021.

Anapita kumaliro a apongozi awo kutsidya kwa malire, ulendo wa njinga, osadutsa pachipata chilichonse. Patatha sabata anayamba kutsokomola, thupi kutentha, chakudya osachimva kukoma. Anali ndi matenda a shuga. Alamu anga anawafukiza ndi masamba a bulugamu, n'kumawapatsa madzi a mandimu ndi jinja monga aliyense ankachitira masiku amenewo. Nditawauza za kuchipatala anakana. Anati matendawo ndi abodza, kodi 50,000 aja ali kuti. Anatinso ngakhale atakhala enieni, safuna kukaikidwa ndi alendo atakulungidwa m'pulasitiki ana awo akuonerera patali. Inali sabata yomwe ija dziko linataya nduna ziwiri tsiku limodzi, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, pa 12 Januwale. Usiku wachisanu kupuma kunayamba kubanika. Tinkasakasaka galimoto pamene anatisiya, kunja kusanache. Palibe anawayeza, ali moyo kapena atapita. M'kope ndinalemba ndekha ndi dzanja lonjenjemera kuti "chifuwa, kubanika". Miyezi iwiri imeneyo masamba a kope anadzaza mofulumira kuposa nyengo ina iliyonse imene ndagwirapo ntchitoyi, ndipo ambiri anali akuluakulu, mawu ake omwewo.

M'chiwerengero cha boma, omwalira ndi Covid-19 m'dziko muno sanafike 3,000, ndipo opezeka nako sanapitirire kwenikweni 90,000. Achimwene anga mulibemo. Komatu asayansi athu a ku Blantyre atayeza magazi amene anthu anapereka ku Malawi Blood Transfusion Service, anapeza kuti pofika Meyi 2021 pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse mwa operekawo anali ndi zizindikiro zoti kachilomboka kanawadutsapo. Kwa anansi athu ku Lusaka, madokotala anayeza mitembo 364 ku University Teaching Hospital pakati pa Juni ndi Sepitembala 2020, n'kupeza kachilomboka mwa 70. Ambiri mwa iwo anafera kunyumba osayezedwapo. Bungwe la WHO linawerengera kuti m'zaka za 2020 ndi 2021 padziko lonse panafa anthu 14.9 miliyoni kuposa mmene zimakhalira nthawi zonse, pamene maiko anali atalengeza 5.4 miliyoni okha. Njira yowerengera imeneyi ndi yosavuta: uone kuti mwezi wa Januwale kumafa anthu angati zaka zonse, ndiye uyerekeze ndi Januwale wa mliri. Koma imafuna kuti ukhale ukudziwa imfa za zaka zonsezo. Kwa maiko ambiri a mu Africa muno akatswiriwo anachita kuyerekeza kuchokera ku maiko ena, poti kaundula wa imfa ndi wosakwanira.

Apa ndiye pagona dandaulo langa, Olemekezeka. Dziko lino limawerenga chimanga katatu pachaka chisanalowe n'komwe munkhokwe. Alangizi a zaulimi amayenda m'minda, kauniuni woyamba, wachiwiri, wachitatu, ndipo boma limadziwiratu ngati kukubwera njala. Ndi ntchito yabwino, isaleke. Nanga bwanji munthu akafa kumudzi palibe amene amatumiza nambala kulikonse? Lamulo la kalembera la 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015, limati imfa iliyonse ilembetsedwe. Koma mayi wamasiye wa kwa Mkanda kapena kwa Dambe angawononge bwanji ndalama ya thiransipoti kupita ku boma kukatenga chikalata chimene sachifuna pa chilichonse? Amapita okhawo amene akutsata penshoni kapena chuma cha masiye.

Chonsecho imfa ya kumudzi si yobisika. Palibe manda amene amakumbidwa mfumu isanaloze malo. Adzukulu amadziwa ngati akumba dzenje la mwana kapena la wamkulu. A mpingo amalemba, ife a chipepeso timalemba. Manambala alipo, angosowa njira yopitira kwa inu. Mliri utazilala ndinanyamula makope anga kupita nawo ku ofesi ina, imene sinditchula. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, koma anati alibe fomu yolembapo zoterezi. Ndinabwerera nawo pa kabaza.

Pempho langa loyamba ndi limeneli, ndipo ndi lalikulu kuposa ena onse. Mlangizi wa zaumoyo aliyense ali ndi midzi yake, ndipo amakumana ndi mafumu ake. Sabata iliyonse atumize uthenga umodzi wapafoni: maliro angati, amuna angati, akazi angati, ana, achinyamata kapena okalamba, ndipo a banja akuti anadwala bwanji. Ngati sipanagwe maliro, atumizebe kuti palibe, chifukwa ziro nayenso ndi nambala, ndipo popanda iye simungasiyanitse mudzi wamtendere ndi mudzi umene wangoiwala kutumiza. Zimenezi zichitike chaka chonse, ngakhale kulibe mliri, pakuti zaka za mtendere ndizo zimapereka muyeso. Mukatero kwa zaka zitatu, tsiku limene maliro a okalamba adzalumphe kwa Mlonyeni kapena kwa Mavwere mudzadziwa pasanathe masiku khumi, ngakhale zipangizo zoyezera zisanafike. Si maloto ayi. Ku Chilumba m'boma la Karonga ofufuza akhala akulemba kubadwa ndi kufa kwa anthu a m'midzi kuyambira 2002, pogwiritsa ntchito anthu a m'midzi momwemo, n'kumakafunsa a banja mmene malemu anadwalira. Chimene chatheka kunyanja chingakanike bwanji kuno? Mukumbukire chabe kuti mlangiziyo ali kale ndi katundu wambiri pamutu, sikelo ya ana, katemera, zimbudzi, mijigo. Mumugulire mayunitsi, ndipo mfumu imene ikusunga kaundula muilemekeze.

Chachiwiri ndi mayendedwe athu. Pa mapu anu Mchinji ali ndi khomo lalikulu limodzi lolowera ku Zambia, chipata cha Mchinji ndi Mwami, chimene chinamangidwa mwatsopano n'kutsegulidwa mu Disembala 2022. Pamenepo mukhoza kuwerenga mathiraki ndi mabasi, kuyeza kutentha kwa thupi, kudinda ziphaso. Koma ife a m'malire sitiona malire. Munda uli mbali ino, mwini wake amagona mbali inayo. Mkazi wakwatiwa uko, maliro a amayi ake ali kuno. Chigayo chapafupi, msika wapafupi, ngakhale chipatala chapafupi, nthawi zina zili kutsidya. Kumapeto kwa Ogasiti Achewa timakhamukira ku Mkaika ku Katete ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, pamodzi ndi abale a ku Zambia ndi ku Mozambique. Mu Febuluwale Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu amapita ku Mtenguleni ku Zambia ku mwambo wa Ncwala. Mvula ikayandikira, m'maesiteti a fodya mumalowa mabanja ochokera m'maboma akutali, fodya akagulitsidwa n'kubwerera kwawo. Mtedza ndi soya zikauma, mavenda amamanga masikelo pamphambano iliyonse, kuchokera ku Lilongwe ndi kupitirira. Disembala ndi mwezi wa ana athu ochokera ku Joni, ndipo mtundu wa kachilombo umene unatipweteka mu Januwale 2021 unayamba kupezeka ku South Africa komweko. Onse akukumbukira mabasi amene analowera ku Mwanza mu Meyi 2020, ndi anthu mazana amene anathawa pa Kamuzu Stadium asanamve zotsatira zawo.

Masamu amene amaona Mchinji ngati mtsuko wotseka, wolumikizana ndi Lilongwe yekha kudzera mumsewu wa M12, adzaphonya nthawi zonse. Ndamva kuti masiku ano akatswiri amatsata mayendedwe a anthu poona mmene mafoni akusunthira kuchoka pa nsanja ina kupita pa ina. Ndi nzeru yabwino, koma kuno foni imagwira netiweki ya ku Zambia uli pakhonde pako, ambiri ali ndi masimu a mbali zonse ziwiri, ndipo agogo, ana ndi amayi ambiri amene amadzaza siwa alibe foni n'komwe. Tumizani ofufuza adzakhale nafe nyengo zonse za chaka, adzawerenge anthu pa tsiku la msika, pamaliro, pachinamwali, pa mapemphero a usiku. Kalendala ya mayendedwe a boma lino angakulembereni mafumu ndi a kabaza tsiku limodzi lokha. Ndiponso a zaumoyo a Mchinji ndi a Chipata azipatsana manambala sabata ndi sabata mwachindunji, osadikira kuti adutse ku Lilongwe ndi ku Lusaka. Kolera itavuta ku Lusaka kumayambiriro a 2024, mpaka bwalo la mpira la Heroes kusanduka chipatala, ife tinkamva kwa apaulendo.

Kolera yomweyo inatiphunzitsa kuti zakale sizilosera zonse. Tinazolowera kuti ndi matenda a dzinja. Koma imene inayamba ku Machinga mu Malichi 2022, pambuyo pa namondwe Ana, inadutsa chilimwe chonse osazima, n'kufalikira maboma onse, kudwalitsa anthu pafupifupi 59,000 ndi kupha oposa 1,700. Masamu a kolera amafuna kudziwa mijigo yakufa, zitsime zosatetezedwa ndi midzi yopanda zimbudzi. Zonsezi alangizi a zaumoyo ali nazo kale m'mabuku awo.

Chachitatu, zimene masamu apeza zizibwerera kwa eni ake, m'Chichewa, zili ndi "ngati" wake. Musaope kuti anthu a kumudzi sangamvetse zoyerekeza. Mlimi wa mtedza amakhala moyo wake wonse akuyerekeza. A zanyengo amatipatsa ulosi wa mvula wa boma lililonse, amati ikhoza kuyamba sabata yakuti, ikhoza kudukiza mwezi wakuti, ndipo ikasiyana pang'ono palibe amawatcha abodza, chifukwa ananeneratu kuti ndi zoyembekezera chabe. Chitani chimodzimodzi. Bwerani pa wailesi ya Mudzi Wathu munene kuti: tikapitiriza monga tikuchitiramu, odwala mwezi wamawa akhoza kukhala pakati pa akuti ndi akuti, tikachepetsa ogona m'siwa ndi kufupikitsa mwambo wa maliro, akhoza kutsika kufika pakuti, chimene sitikuchidziwa bwino ndi ichi. Musapereke nambala imodzi yokha, ndipo musasankhe yoopsa kwambiri pofuna kutiopseza, poti mantha ogula ndi nambala yotere amatha msanga, ngongole yake n'kudzalipidwa pa mliri wotsatira. Mwezi ukatha mubwerenso mudzanene pamene munalondola ndi pamene munaphonya. Katemera wa AstraZeneca atafika mu Malichi 2021, anthu ambiri kuno anakana kubayitsa, ndipo mu Meyi boma linatentha katemera 19,610 amene anatha mphamvu. N'zoona kuti ena mwa katemerayo anafika atatsala ndi masabata ochepa, koma ndikudziwa zimene anthu ankanena pamjigo, ndipo 50,000 ija inkatchulidwabe.

Nambala ya dziko lonse sithandiza mkulu wa chipatala cha boma. Iye akufuna kudziwa mabedi ndi masilinda a okosijeni. Tiyeni tingoyerekeza pabolodi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 602,305 m'boma lino. Titati mmodzi mwa khumi aliwonse atenge matenda m'mwezi umodzi, ndi anthu 60,000. Titati mwa amenewo mmodzi yekha pa 200 afune okosijeni, ndi anthu 300. Manambala awiri apakatiwo ndangowaika ine kuti chitsanzo chioneke, koma funso lake ndi lenileni: kodi alipo amene anakhalapo pansi ndi a chipatala chathu, ndi a zipatala za mishoni, n'kuwerengera zotere ndi manambala enieni a Mchinji mliri usanafike?

Ndipemphenso kuti masamu anu aziwerenga mbali zonse ziwiri za sikelo. Anthu amene anatsutsa m'bindikiro wa 2020 sankakonda imfa. Wa kabaza, wogulitsa tomato, wa ganyu amadya zimene wapeza tsiku lomwelo, ndipo Epulo ndi mwezi wokolola. Masamu amene akuwerenga opulumuka ku kachilombo osawerenga ogona ndi njala, atsikana amene anatenga mimba sukulu zili zotseka, amayi ochirira kunyumba poopa chipatala, ndi odumphitsa ma ARV, akuyeza ndi sikelo ya mbale imodzi. Ndikudziwa kuti ntchito ya Thanzi la Onse, imene akatswiri a Kamuzu University of Health Sciences anagwira pamodzi ndi anzawo a ku York ndi ku London, inayesa kuika ntchito zonse za umoyo m'dziko muno m'masamu amodzi, kuti zioneke kuti namwino akachotsedwa apa kupita apo, ndani avutike. Ndikuyamika. Ifike mpaka kuno ku maboma. Ndipo pokonza zotsekera anthu m'nyumba, mukumbukire kuti Mtukula Pakhomo anayambira ku Mchinji konkuno mu 2006; njira yofikitsira thandizo kwa osauka tinaiyesa kale, iyenera kukhala m'dongosolo tsiku loyamba, osati khothi litalamula.

Za anthu ogwira masamuwa ndinene mwachidule. Ndaphunzitsapo ana amene ankamaliza funso ndisanamalize kulilemba pabolodi, ndipo ena a iwo lero akugulitsa mayunitsi pa Kamwendo. Alembi a ziwerengero amene ali m'zipatala zathu amatumiza manambala kumtunda mwezi ndi mwezi. Aphunzitseni kuti aziwawerenganso okha, azijambula mzere wa odwala sabata ndi sabata, azidziwa kuti odwala akuwirikiza kawiri pa masiku angati. Zimenezi sizifuna kompyuta yamphamvu. Odwala khumi owirikiza masiku asanu aliwonse amakhala 640 pakutha pa mwezi, ndipo munthu amene waona zimenezi pa sabata yachiwiri ndi amene amapulumutsa boma lonse. Mayunivesite athu ku Zomba, ku Thyolo, ku Blantyre ndi ku Mzuzu akutulutsa achinyamata odziwa masamu. Boma lililonse likhale ndi mmodzi amene ntchito yake ndi imeneyi, wodziwa kuti tsiku la msika wa Mkanda ndi liti.

Makope aja akadali m'katoni, ndawaika pamwamba kuti chiswe chisawapeze. Ndakambirana ndi a nyakwawa ndi a gulupu, ndipo avomera kuti mukatuma munthu, titaphimba maina a malemu ndi kupempha chilolezo kwa mabanja, akhoza kukopera masiku, zaka ndi matenda. Midzi yoyandikana nafe ilinso ndi makope awo, ndipo alembi ake ndikuwadziwa. Wobwerayo adzatsike pa Mkanda, adzafunse kwa aphunzitsi olemba chipepeso, a kabaza adzamufikitsa.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Mkanda, Mchinji